Ku Virginia liwiro lokha likhoza kukugonetsa m'ndende

Mu Julaye 2014, wapolisi wa pamsewu adaona galimoto ya mtundu wa Porsche ikudutsa ngati mphepo pa msewu waukulu umene umazungulira mzinda wa Washington, chakumbali ya boma la Fairfax m'chigawo cha Virginia ku America. Atalondola galimotoyo, adapeza kuti imathamanga mamailosi 105 pa ola, amene ndi makilomita pafupifupi 169, pamalo pamene malire ake ndi mamailosi 55, kapena kuti makilomita 89. Galimotoyo siidagunde munthu kapena kukhula galimoto inzake, ndipo nkhani ya mowa padalibe.

Pachiwongolero padali Jayson Werth, katswiri wa masewera a baseball wa timu ya Washington Nationals, yemwe mu 2010 adasaina mgwirizano wa zaka 7 wa madola 126 miliyoni. Chindapusa chilichonse chimene bwalo likadatchula, iye akadalipira osamva n'kuwawa komwe. Koma mu Disembala chaka chomwecho, woweruza Penney Azcarate, mayi amene dziko lonse lidadzamudziwa mu 2022 pa mlandu wa Johnny Depp ndi Amber Heard, adagamula kuti Werth akakhale m'ndende masiku 10. Werth adachita apilo. Mu Januwale 2015 adavomera mlandu ku bwalo lalikulu, masikuwo adatsika kufika pa asanu, ndipo laisensi yake idaimitsidwa kwa masiku 30. Adakalowadi m'ndende.

Chaka chomwecho cha 2014, mtolankhani wolemba za galimoto, Patrick George wa Jalopnik, adagwidwa m'boma la Rappahannock akuyesa galimoto ya Chevrolet Camaro ZL1 pa mamailosi 93, pamalo a 55. Adagona m'ndende masiku atatu, ndipo atatuluka adalemba yekha zonse zimene adaona, kuchenjeza anzake.

Dera lozungulira Washington si lachilendo kwa ife. Kumeneko kuli ofesi ya kazembe wa Malawi ndi ya kazembe wa Zambia, ndipo kuli abale athu amene adapitako kukaphunzira, kukagwira ntchito m'zipatala, m'mabungwe ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Ena amakhala ku Maryland koma amawoloka mtsinje wa Potomac m'mawa uliwonse kupita ku ntchito ku Arlington kapena ku Alexandria. Ena amangodutsa m'Virginia pa msewu wa I-95 kapena I-81 popita ku ukwati kapena ku maliro kummwera. Ambiri mwa iwo adaphunzira kuyendetsa galimoto kuno kwathu, kumene munthu akagwidwa ndi kamera ya apolisi amadziwa kuti nkhani yake ndi ya ndalama: amalipira, amalandira lisiti, ulendo n'kupitirira. Amene wafika ku Virginia ndi maganizo amenewa amadzidzimuka mochedwa.

Lamulo lake ndi lalifupi. Gawo 46.2-862 la malamulo a Virginia limati munthu ali ndi mlandu woyendetsa galimoto mosasamala ngati wapitirira malire a liwiro ndi mamailosi 20 kapena kuposerapo, kapena ngati wathamanga kuposa mamailosi 85 pa ola, kaya malire a pamsewupo ndi otani. Mamailosi 20 ndi makilomita 32, ndipo mamailosi 85 ndi makilomita pafupifupi 137. Boma silifunika kusonyeza kuti munthuyo amakhotakhota pamsewu, kapena kuti wina adatsala pang'ono kugundidwa. Nambala imene chida cha wapolisi chalemba ndiyo mlanduwo.

Ambiri amaganiza kuti lamuloli ndi la anyamata a galimoto zaphokoso okha. Ayi ndithu. Msewu wa m'tauni wa mamailosi 25 umasanduka msampha munthu akangofika pa 45. Msewu wa 55 umafika pa mlandu pa 75, liwiro limene galimoto yamakono imafikapo mwakachetechete, dalaivala akucheza ndi ana kumbuyo. Pa misewu ikuluikulu imene malire ake ndi 70, mpata umene ulipo ndi mamailosi 15 okha. Ndipo pali ndime zina za lamulo lomweli zimene zimati ngakhale amene sadafike pa manambalawa akhoza kuimbidwa mlandu womwewo ngati liwiro lake silimagwirizana ndi mmene msewu udaliri, monga pa mvula, pa chipale kapena pa nkhungu.

Chimene chimasokoneza alendo kwambiri ndi pepala limene wapolisi amapereka. Kawirikawiri munthu samangidwa unyolo pamsewupo. Wapolisi amalemba pepala lofanana ndithu ndi la chindapusa wamba, n'kupempha dalaivala kuti asaine. Koma pepalalo ndi chisamani. Kusaina sikutanthauza kuvomera mlandu, ndi lonjezo loti munthuyo adzaonekera ku bwalo pa tsiku limene lalembedwapo. Chindapusa cha liwiro wamba munthu angathe kulipira pa intaneti ali kunyumba, madola 6 pa mailosi iliyonse imene wapitirira kuphatikizapo ndalama za bwalo. Mlandu uwu sulipiridwa choncho. Uyenera kupita pamaso pa woweruza, ndipo amene wanyalanyaza tsikulo akhoza kuweruzidwa iye kulibe, kapena bwalo n'kulamula kuti agwidwe.

Chifukwa chake n'chakuti ku Virginia kuyendetsa mosasamala kudaikidwa m'gulu la milandu yaupandu, pa mlingo umene amautcha Class 1 misdemeanor. Umenewu ndi mlingo wapamwamba pa milandu ing'onoing'ono yaupandu, ndipo m'menemo mulinso kuyendetsa galimoto utaledzera koyamba, kumenya munthu, ndi kuba katundu wa mtengo wochepa. Mphunzitsi kapena namwino amene sadayambe waimapo pamaso pa woweruza amapezeka m'kaundula mmodzi ndi anthu amenewa.

Chilango chapamwamba chimene woweruza angapereke ndi miyezi 12 m'ndende, chindapusa chofika madola 2,500, kapena zonse ziwiri. Akhozanso kuimitsa laisensi mpaka miyezi isanu ndi umodzi. Ngati dalaivala adagwira foni m'manja pa nthawi imene amapalamula mlanduwo, lamulo limati pa chindapusacho madola 250 asachotsedwe zivute zitani.

Kunena zoona, si onse amene amalandira chilango chofika pamenepo, ndipo ambiri sapita n'komwe kundende. Munthu amene wagwidwa pa 87 pamalo a 70, mbiri yake ya pamsewu ili yoyera, nthawi zambiri amatuluka ndi chindapusa cha madola mazana angapo. Zinthu zimayamba kuvuta liwiro likadutsa 90, ndipo likafika 100 oweruza ambiri amaganiza za ndende mosazengereza. Maloya a kumeneko amakamba za chizolowezi cha mabwalo ena chowerengera tsiku limodzi la m'ndende pa mailosi iliyonse yoposa 90. Chimenechi si lamulo lolembedwa, ndipo mabwalo amasiyana: zimene woweruza wa boma lina angakhululuke, wa boma loyandikana nalo akhoza kuzitenga ndi manja awiri. Kawirikawiri woweruza amatchula masiku ambiri, n'kuimika pambali ochuluka mwa iwo, malinga ngati wolakwayo sapalamulanso kwa nthawi yoikika. Masiku oimikidwawo amakhala akumudikira. Akadzalakwanso, bwalo likhoza kuwadzutsa.

Mlandu umayambira ku bwalo laling'ono lotchedwa General District Court, kumene woweruza amagamula yekha. Wapolisi amafotokoza malo, nthawi ndi liwiro, ndipo akafunsidwa amayenera kusonyeza chikalata chotsimikizira kuti chida chake choyezera liwiro chidayesedwa ndipo chimagwira bwino ntchito. Woimbidwa mlandu naye amabwera ndi zake. Ena amapita ndi galimoto kwa makaniko kuti akayeze ngati chida chosonyeza liwiro cha m'galimotomo chimanena zoona, pakuti chikapezeka kuti chimaonetsa liwiro lotsika ndi mamailosi atatu kapena anayi, mlandu ukhoza kutsika n'kukhala wa liwiro wamba. Ena amakachita maphunziro a maola 8 a kayendetsedwe kabwino tsiku la mlandu lisadafike, ena amakagwira ntchito yothandiza anthu mwaulere, n'kubweretsa makalata ake. Lamulo limapatsanso woweruza mphamvu yotsitsa mlanduwu kukhala kuyendetsa mosayenera, kumene si mlandu waupandu ndipo chindapusa chake sichiposa madola 500. Amene sadakhutire ndi chigamulo ali ndi masiku 10 okha ochitira apilo ku Circuit Court, kumene mlandu umayambiranso pachiyambi. Njira imeneyi ndi imene Werth adatsata.

Pali mawu amene oweruza a mabwalo amenewa amamva tsiku ndi tsiku, ndipo ndi omwewo amene timamva m'minibasi kuno kwathu. Ndimangotsatira anzanga. Ndimachedwa ku ntchito. Ndimafuna kupitirira lole. Msewu udali woyera. Palibe ngakhale limodzi mwa mawu amenewa limene lamulo limalilandira ngati chodzitetezera.

Ine ndimaona kuti chilango chenicheni cha mlandu umenewu chimayamba munthu atatuluka kale m'bwalo, ndipo apa ndi pamene m'bale wathu wa kunja ayenera kutchera khutu. Nthambi yoona za galimoto ndi malaisensi ya Virginia, imene amaitcha DMV, imalemba mapointi 6 oipa pa laisensi ya wolakwayo, amene ndi mapointi ochuluka kuposa onse amene mlandu umodzi ungabweretse. Dalaivala wabwino amapeza pointi imodzi yabwino pa chaka chimene sadalakwe, ndipo sangasunge zoposa zisanu, choncho tsiku limodzi limafafaniza khama la zaka zisanu n'kusiyanso ngongole. Mapointi oipa akafika 18 m'miyezi 12, kapena 24 m'miyezi 24, laisensi imaimitsidwa masiku 90 popanda kudikira woweruza. Mlanduwo pawokha umakhala pa mbiri ya pamsewu ya munthuyo kwa zaka 11. Makampani a inshulansi amaiwerenga mbiri imeneyi, ndipo ndalama imene amawonjezera chaka ndi chaka ikhoza kuposa chindapusa cha ku bwalo kangapo.

Amene laisensi yake ndi ya chigawo china asaganize kuti nkhaniyo itsala ku Virginia. Zigawo zambiri za America zili pa mgwirizano wouzana milandu ya pamsewu, ndipo uthenga umafika kwawo kwa dalaivala.

Kwa amene amadyera chiwongolero, nkhaniyi ndi ya nsima. Woyendetsa mathiraki kapena mabasi ali ndi laisensi yapadera imene imayendera malamulo a boma lalikulu la America, ndipo malamulowo amaika kuyendetsa mosasamala pa milandu ikuluikulu: iwiri m'zaka zitatu imamuchotsa pamsewu masiku 60, itatu masiku 120. Makampani ngati Uber ndi Lyft amafufuza mbiri ya madalaivala awo. Mabungwe osamalira okalamba ndi odwala m'makomo, kumene abale athu ambiri amayambira ntchito, amafuna kudziwa ngati munthu amene azinyamula agogo awo popita kuchipatala ali ndi mbiri yabwino. Kumpoto kwa Virginia, kumene kuli Pentagon ndi maofesi ambiri a boma, ntchito zochuluka zimafuna kuti munthu afufuzidwe moyo wake wonse asadalembedwe.

Kenaka pali mapepala okhalira m'dzikomo. Fomu yofunsira unzika wa America imafunsa ngati munthu adayamba wagwidwapo, kupatsidwa chisamani kapena kupezeka wolakwa pa mlandu uliwonse. Mlandu umodzi wa liwiro pawokha sindiwo kawirikawiri umathamangitsitsa munthu m'dziko, koma uyenera kuululidwa, ndipo kuubisa ndi kumene kumaononga zinthu. Wophunzira amene akufuna kuwonjezera nthawi ya visa yake, kapena mayi amene wadikira zaka zambiri kuti alumbire unzika, amapezeka akufotokoza za mphindi zochepa zimene adaponda moto pa I-66 zaka zapitazo. N'chifukwa chake amene si nzika ayenera kuuza loya wake za mapepala ake asadavomere chilichonse m'bwalo.

Zonsezi ndi za pamene palibe amene wavulala. Magazi akakhetsedwa, mlandu umasintha nkhope. Amene amayendetsa laisensi yake ili yoimitsidwa kale chifukwa cha milandu ya pamsewu, n'kupha munthu chifukwa cha kusasamala kwake, amaimbidwa mlandu waukulu umene chilango chake chimafika zaka zisanu. Ngati kusasamalako kudali kwakukulu mosonyeza kuti moyo wa anthu sadauwerengere, boma likhoza kumuimba mlandu wopha munthu mosakonzekera, umene umafika zaka 10. Ochita mpikisano wa galimoto pamsewu wa anthu onse amalandidwa laisensi kwa miyezi isanu ndi umodzi mpaka zaka ziwiri.

Anthu a ku Virginia eni ake akhala akukangana za lamuloli, ndipo mbali zina za mkanganowo zili ndi nzeru. Mu 2007, pofuna ndalama zokonzera misewu, nyumba ya malamulo ya chigawochi idaika ndalama zina zapadera pamwamba pa chindapusa, ndipo wopezeka wolakwa pa kuyendetsa mosasamala amayenera kulipira madola 1,050 m'magawo atatu. Choipa kwambiri chidali chakuti ndalamazi amalipira okhala m'Virginia okha, odutsa osawakhudza. Anthu adakwiya, masauzande ambiri adasaina zikalata zodandaula, ndipo mu 2008 lamulolo lidathetsedwa, amene adalipira n'kubwezeredwa. Tauni ya Hopewell nayo idatchuka chifukwa cha kachidutswa kakafupi ka msewu wa I-295 kamene anthu adakapatsa dzina loti Million Dollar Mile, kaamba ka ndalama zoposa madola miliyoni imodzi pa chaka zimene zimachokera m'zindapusa za pamenepo. Chilango chikayamba kuoneka ngati njira yotolera msonkho, anthu amasiya kuchilemekeza, ndipo ife a kuno sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi.

Dandaulo lina lidali la nambala yeniyeniyo. Kwa zaka zambiri malire a mlanduwu adali mamailosi 80. Virginia itakweza liwiro la misewu ina ikuluikulu kufika pa 70 mu 2010, zidatanthauza kuti munthu wopitirira ndi mamailosi 11 okha amasanduka wopalamula mlandu waupandu. Phungu wa nyumba ya Senate ya chigawochi, David Suetterlein, adalimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zingapo, ndipo bwanamkubwa Ralph Northam adasaina lamulo limene lidakweza nambalayo kufika pa 85 kuyambira pa 1 Julaye 2020. Mamailosi 20 aja sadawakhudze. Chida chodziwitsa dalaivala kuti kutsogolo kuli kamera ya apolisi, chimene zigawo zina zimalola m'galimoto za anthu wamba, ku Virginia n'choletsedwabe.

Dandaulo limene limandikhudza kwambiri ndi la kusiyana kwa olemera ndi osauka. Madola 2,500 kwa Werth si kanthu, koma kwa mayi wotsuka m'maofesi usiku ndi lendi ya nyumba ndi chakudya cha ana. Wolemera amalemba loya wodziwa bwino bwalolo, ndipo laisensi yake ikaimitsidwa amapeza womuyendetsa. Wosauka laisensi ikapita, ntchito nayo imapita, ngakhale kuti bwalo nthawi zina limapereka chilolezo choyendetsera popita ku ntchito ndi kusukulu kokha. Dziko la Finland lidapeza njira ina: chindapusa chachikulu cha liwiro chimawerengedwa potengera zimene munthu amapeza. Mu 2023 mpondamatiki wina wa ku zilumba za Åland za m'dzikolo, Anders Wiklöf, adalipitsidwa mayuro 121,000 atathamanga makilomita 82 pamalo a 50. Ku Virginia chimene chimayesa kufananitsa anthu ndi ndende, pakuti tsiku la m'ndende ndi lofanana kutalika kwa aliyense. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya Werth idakambidwa kwambiri.

Ngakhale zili choncho, mfundo yaikulu ya lamuloli ndimaivomereza ndi mtima wonse. Limalanga munthu maliro asadachitike. Galimoto yothamanga makilomita 169 pa ola imadya mamita 47 pa sekondi iliyonse, kutanthauza kuti bwalo la mpira, kuchokera golo ina kufika golo ina, imalimaliza m'masekondi awiri ndi pang'ono. Munthu akaona choopsa, pamatenga sekondi kapena kuposerapo kuti phazi lifike pa mabuleki, ndipo m'kanthawi kameneko galimoto yadutsa kale theka la bwalo lija isadayambe n'komwe kuima. Mabuleki akagwira, masamu ake ndi ankhanza: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti galimoto iime umawirikiza kanayi, ndipo mphamvu imene igunde nayo munthu kapena mtengo imawirikizanso kanayi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati liwiro la galimoto pamsewu likakwera ndi 1 pa 100 iliyonse, chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera ndi 4 pa 100 iliyonse. Bungwe lomwelo limati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse. Ku America kokha, mu 2022 anthu oposa 12,000 adafa pa ngozi zokhudzana ndi liwiro, pafupifupi 29 pa 100 iliyonse ya onse amene adafa pamsewu chaka chimenecho.

Nanga phindu lake? Ulendo wa makilomita 20 pa liwiro la 90 umatenga mphindi 13 ndi masekondi ochepa. Pa liwiro la 150 umatenga mphindi 8. Mphindi zisanu zimenezo ndi zimene munthu amasinthanitsa ndi moyo wa mwana wa eni. Akuluakulu adati kuthamanga si kufika, ndipo amanena za oyenda pansi, galimoto zisadabwere.

Dalaivala amene wathamanga chotere n'kufika kwawo bwinobwino sadachite chosiyana ndi mnzake amene wapha. Onse awiri adaponda moto mofanana. Kusiyana kwawo ndi kwakuti kutsogolo kwa mmodzi kudatulukira mwana, tayala lidaphulika, kapena wina adasintha mbali ya msewu osayang'ana. Lamulo limene limadikira mtembo kuti liyambe kugwira ntchito limakhala likulanga tsoka, kusasamala n'kukusiya kukuyendayenda.

Virginia ikuyesanso njira yatsopano. Mu 2025 bwanamkubwa Glenn Youngkin adasaina lamulo, limene adabweretsa ndi phungu Patrick Hope wa ku Arlington, lopatsa oweruza mphamvu yolamula kuti m'galimoto ya wolakwa muikidwe chida chimene chimadziwa malire a liwiro a msewu umene galimoto ikuyendamo n'kuiletsa kupitirira. Lamuloli lidakonzedwa kuti liyambe kugwira ntchito pa 1 Julaye 2026, ndipo likuloza makamaka amene agwidwa akuthamanga kuposa mamailosi 100 pa ola. Maganizo ake ndi akuti anthu ambiri olandidwa laisensi amayendetsabe mobisa chifukwa ayenera kupita ku ntchito, choncho ndi bwino kuwalola kuyendetsa koma phazi lawo litamangidwa. Kuchotsa kapena kusokoneza chidacho ndi mlandu wina waupandu.

Abale athu ochuluka kwambiri ali ku South Africa, ndipo nakonso lamulo lili ndi mano kuposa mmene ambiri amaganizira. Malire a kumeneko ndi makilomita 60 m'tauni, 100 kunja kwa tauni ndi 120 pa misewu ikuluikulu. Wopitirira ndi makilomita oposa 30 m'tauni, kapena oposa 40 kunja kwa tauni, sangolemberedwa chindapusa: akhoza kumangidwa pomwepo n'kukaonekera ku bwalo. Akapezeka wolakwa, lamulo la National Road Traffic Act la 1996 limati laisensi yake iimitsidwe miyezi yosachepera isanu ndi umodzi koyamba, zaka zisanu kachiwiri, ndi zaka 10 kachitatu, pokhapokha bwalo litakhutira kuti pali zifukwa zomveka zosachitira choncho. Dzikolo limakumbukira bwino za mu Marichi 2010, pamene woimba Molemo Maarohanye, wodziwika kuti Jub Jub, ndi mnzake Themba Tshabalala amachita mpikisano wa galimoto ku Soweto n'kugunda ana a sukulu. Anyamata anayi adafa, ena awiri adavulala kwambiri. Mu 2012 awiriwa adalamulidwa kukakhala kundende zaka 25, mu 2014 bwalo la apilo lidasintha mlanduwo ndi kutsitsa zakazo, ndipo Jub Jub adatuluka mu 2017. Makolo a ana aja adatsala ndi manda.

Kuno kwathu lamulo la Road Traffic Act la 1997 lili nawo mlandu woyendetsa mosasamala, komanso wopha munthu chifukwa cha kuyendetsa mosasamala. Koma tikamva za mlanduwu pa wailesi kapena kuwerenga m'nyuzi, nthawi zambiri pamakhala patagwa kale maliro. Wothamanga amene sadagunde munthu amalipira n'kumapita, ndipo mawa adutsanso pomwepo. Madalaivala amaphethirana magetsi kuchenjezana kuti kutsogolo kuli kamera, amachepetsa liwiro mamita ochepa, akangodutsa n'kupondanso. Apaulendo ena amayamikira dalaivala wothamanga kuti ndi katswiri, ndipo amene wadandaula amauzidwa kuti atsike akagule yake.

Chonsecho misewu yathu siili ngati misewu ikuluikulu ya ku Virginia, imene ili ndi mipanda ndipo simuyenda munthu wapansi. Msewu wa M1 umadutsa pakati penipeni pa misika. Pa Lizulu, pa Kampepuza, pa Chimbiya, pa Mponela, pa Jenda, tsiku la msika tomato ndi mbatata zimayalidwa m'mphepete mwa phula, a kabaza amatembenuka paliponse, ana amawoloka atanyamula mabuku. Pa malo otere makilomita 100 pa ola ndi oopsa kuposa makilomita 169 a Werth. Aphungu athu akamakambirana za malamulo a pamsewu, ndikadakonda atayang'ana mfundo imodzi iyi ya ku Virginia ndi ku South Africa: pakhale nambala yodziwika kwa aliyense imene munthu akaidutsa asamalipire pamsewu, koma akaime pamaso pa woweruza, laisensi yake ili pachiswe, ndipo mlanduwo ulembedwe kuti akadzabwereza bwalo lidzadziwe. Zolakwika za ku Virginia, zosandutsa chilango kukhala msonkho ndi zopsinja osauka kuposa olemera, tikhoza kuzipewa popeza taziona.

Ndipo inu amene muli ndi mwana, mlongo kapena mlamu ku Washington, ku Maryland kapena ku Virginia komweko, mukamacheza naye pa WhatsApp sabata ino mumutchulire manambala awiri, 20 ndi 85. Ngati walandira kale pepala lolembedwa kuti reckless driving, kutanthauza kuyendetsa mosasamala, muuzeni kuti si lisiti. Asaliponye m'kabati, apeze loya msanga, ndipo tsiku lolembedwa pamenepo asaliphonye.